Lupanga ndi Chikumbumtima: Kodi Mphamvu za Boma Zilekeze Pati?

Pa mafunso onse amene anthu a nzeru zakuya a ku Ulaya, aja timawatcha afilosofi, adalimbana nawo m'zaka za pakati pa 1600 ndi 1700, palibe limene lidakhetsa mwazi wochuluka kuposa ili: kodi wolamulira dziko ali nayo mphamvu youza anthu ake za Mulungu woti ampembedze, ndiponso njira yompembedzera? Mnyamata kapena msungwana amene wangotsiriza sukulu angaliyese funso lachibwana, popeza iye wakulira pamalo pamene belu la tchalitchi ndi kuitana kwa kumzikiti zimamveka m'maŵa umodzi popanda wina kutola mwala. Komatu kukhalirana kotereku sikudagwe kuchokera kumwamba ngati mvula. Kudabwera anthu atatopa ndi kukumba manda, ndipo kungathe kuchokanso ngati eni ake aiŵala chimene kudabwerera.

Maganizo anga m'nkhani ino ndi aŵa. Thomas Hobbes adaidziŵa bwino nthenda imene inkasautsa maiko a nthaŵi yake, koma adalakwitsa mankhwala. John Locke adapeza mankhwala oyenera, koma adawamana odwala ena. Tsono amene afuna kumvetsa za boma ndi chipembedzo ayenera kuwaŵerenga onse aŵiri, osagwadira ndi mmodzi yemwe.

Dziko limene adabadwiramo

Chiyambire pamene Martin Luther adatsutsana ndi mpingo wa Roma m'chaka cha 1517, Akhristu a ku Ulaya adagaŵikana, ndipo mafumu nawo adasankha mbali. Mu 1555, mumzinda wa Augsburg, mafumu a ku Germany adapangana kuti mfumu iliyonse isankhe pakati pa Chikatolika ndi Chilutera, anthu ake onse atsate chimene yasankhacho, ndipo wosafuna asamuke. Ku France, mu Ogasiti 1572, Apulotesitanti zikwizikwi adaphedwa ku Paris ndi m'mizinda ina. Kuchokera mu 1618 kufikira mu 1648 kudabuka nkhondo ya zaka 30, imene idapululutsa madera ambiri a Germany ndi lupanga, njala ndi miliri. Ku England nako, mfumu ndi Nyumba ya Malamulo adayamba kumenyana mu 1642, pa nkhani za misonkho, za mphamvu za mfumu ndi za kayendetsedwe ka mpingo, ndipo pa 30 Januwale 1649 Mfumu Charles I adadulidwa mutu anthu akuona.

Pa masiku amenewo pafupifupi aliyense, Mkatolika ndi Mpulotesitanti yemwe, ankakhulupirira kuti dziko la zipembedzo ziŵiri silingaime. Funso silidali lakuti kodi boma likakamize, koma lakuti likakamize chiti.

Mantha a Thomas Hobbes

Hobbes adabadwa mu 1588 pafupi ndi Malmesbury, ndipo mu 1640, ataona kuti mitambo ya nkhondo yayamba kuda, adathaŵira ku Paris. Kumeneko adalemba buku lake lotchuka la Leviathan, limene lidasindikizidwa ku London mu 1651. Dzinali adalitenga m'buku la Yobu, m'mene muli chilombo cha m'madzi chimene palibe munthu angalimbane nacho. Pachikuto pa bukulo pali chithunzi cha chimunthu chachikulu chovala chisoti chaufumu, chimene thupi lake lapangidwa ndi tianthu tating'onoting'ono tosaŵerengeka. Dzanja limodzi lagwira lupanga, linalo lagwira ndodo ya ubishopu. Amene wachimvetsa chithunzicho wamvetsa theka la buku lonse.

Hobbes akutipempha kuti tiyerekeze dziko lopanda boma, lopanda bwalo la milandu, lopanda msilikali. Akuti anthu sasiyana kwenikweni mphamvu, pakuti ngakhale wofooka angathe kupha wamphamvu mwa chiwembu kapena pogwirizana ndi anzake. Popeza onse amafuna zinthu zimodzimodzi, amakayikirana, ndiponso amafuna kulemekezedwa, mapeto ake ndi nkhondo ya aliyense ndi mnzake. M'dziko lotere munthu salima munda waukulu kapena kumanga nyumba yabwino, chifukwa sadziŵa ngati adzadya thukuta lake. Njira yokha yotulukira m'mavutoŵa, akutero Hobbes, ndi yakuti anthu apangane okhaokha kupereka mphamvu zawo zonse kwa munthu mmodzi kapena kwa bungwe limodzi, kuti liziwateteza. Wolamulirayo sali nawo m'panganolo, choncho palibe angamuimbe mlandu wakuti waliswa, ndipo mphamvu zake siziyenera kugaŵidwa.

Nanga chipembedzo? Apa mpamene Hobbes ankaopa kwambiri. Adaona kuti munthu amaopa moto wosatha kuposa chingwe cha wopachika. Motero ngati m'dziko muli bishopu kapena mlaliki amene angathe kuuza anthu kuti kumvera mfumu nkuchimwira Mulungu, dzikolo lili ndi mafumu aŵiri, ndipo mapanga aŵiri avumbwitsa. N'chifukwa chake adati wolamulira ndiye aziweruza za chiphunzitso choti chilalikidwe poyera, za mabuku oti asindikizidwe, ndi za anthu oti akhale abusa. Koma adasiya kakhomo kamodzi: za mumtima, adatero, palibe lamulo lingazifikire. Munthu akhoza kukhulupirira chimene afuna, malinga ngati pakamwa pake ndi maondo ake zimvera mfumu. Adapereka chitsanzo cha Namani, kazembe wa ku Siriya uja adachiritsidwa khate, amene ankagwada m'nyumba ya mulungu wa mfumu yake, mtima wake uli kwa Mulungu wa Israele.

Tisafulumire kumnyoza munthu ameneyu. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Hobbes adaona dziko lake likung'ambika, alaliki a mbali zonse akudalitsa mfuti. Zimene adanena zakuti popanda bata palibe ulimi, malonda, sukulu ngakhale pemphero lamtendere, nzoona lero monga zidalili mu 1651. Amene amayesa kuti boma lofooka ndilo ufulu sadaonepo mudzi umene achifwamba amalamulira usiku.

Mankhwala adayesedwa

Komabe mankhwala sitiwayamikira chifukwa cha mbiri ya sing'anga, koma chifukwa cha kuchira kwa wodwala. Njira yoika lupanga ndi ndodo ya ubishopu m'manja amodzi idayesedwa, ndipo zotsatira zake nzodziŵika.

Ku France, Mfumu Henry IV adaletsa nkhondo za zipembedzo mu 1598 ndi lamulo la ku Nantes, limene lidalola Apulotesitanti kupembedza m'malo ena. Mdzukulu wake, Louis XIV, adafuna dziko la mfumu imodzi ndi chikhulupiriro chimodzi. Kuyambira mu 1681 asilikali ankagonekedwa m'nyumba za Apulotesitanti, kuwadyera chakudya ndi kuwazunza kufikira atavomera kutembenuka. Mu Okutobala 1685 mfumuyo idafafaniza lamulo la ku Nantes, nigwetsa matchalitchi awo ndi kupirikitsa abusa awo. Ngakhale anthu wamba adaletsedwa kutuluka m'dzikomo, pafupifupi 200,000 adathaŵa, ambiri a iwo amisiri, oluka nsalu ndi amalonda, napita ndi luso lawo ku Holland, England, Switzerland ndi Brandenburg. Ena ochepa adafika mpaka ku Cape mu 1688, n'chifukwa chake ku South Africa kuli malo otchedwa Franschhoek. Otsalawo ankapita ku Misa masana ndi kukapemphera m'mapiri usiku, ndipo mu 1702 anthu a m'mapiri a Cévennes adatenga zida. Mfumu idafuna umodzi, koma idakolola chinyengo, umphaŵi ndi nkhondo ina.

Ku England, ufumu utabwezeretsedwa mu 1660, lamulo la mu 1662 lidakakamiza abusa onse kutsata buku limodzi la mapemphero, ndipo pafupifupi 2,000 adachotsedwa pa udindo chifukwa chokana. John Bunyan, mlembi wa Pilgrim's Progress, adakhala zaka 12 m'ndende ku Bedford chifukwa cholalikira wopanda chilolezo. Apa mpamene chitsanzo cha Namani chikulephera. Alipo anthu, ndipo sadzatha, amene kwa iwo kugwadira chimene sakhulupirira ndiko kutaya moyo wawo weniweni. Oterewo kuwaopseza ndi ndende nkungowapatsa guwa lina lolalikirapo. Hobbes mwini wake adalaŵako: mu 1666 Nyumba ya Malamulo idalamula kuti Leviathan afufuzidwe ngati buku lonyoza Mulungu, ndipo mu 1683, iye atamwalira kale, mabuku ake adatenthedwa ku Oxford.

Malire a John Locke

John Locke adabadwa mu 1632 ku Somerset, ndipo atate ake adamenya nawo nkhondo ija ku mbali ya Nyumba ya Malamulo. Chofunika kudziŵa nchakuti ali mnyamata, cha m'ma 1660, Locke naye adalemba kuti wolamulira ali ndi mphamvu yolamula miyambo ya m'tchalitchi. Adasintha maganizo ataona zipatso za kukakamiza. Mu 1683, boma litayamba kumkayikira, adathaŵira ku Holland, ndipo chakumapeto kwa 1685, pamene othaŵa a ku France ankakhamukira m'dzikomo, adalemba m'Chilatini kalata yake yonena za kulolerana pa chipembedzo. Idasindikizidwa mu 1689, yopanda dzina lake.

Locke adayamba ndi kulekanitsa ntchito. Boma, adatero, lidakhazikitsidwa kuti liteteze moyo, ufulu, thanzi ndi katundu wa anthu, monga minda, nyumba ndi ndalama. Mpingo ndi gulu limene munthu amaloŵa mwa kufuna kwake, ndipo angathe kutulukamo. Mpingo uli ndi ufulu wochotsa munthu amene waswa malamulo ake, koma ulibe ufulu womlanda ngakhale khasu. Kenaka adapereka zifukwa zitatu zimene boma siliyenera kuloŵerera pa za chipulumutso. Choyamba, palibe pamene Mulungu adapatsa wolamulira udindo umenewu, ndipo anthu sangaupereke, chifukwa munthu sangatume mnzake kuti akamkhulupirire. Chachiŵiri, chida cha boma ndi mphamvu ya kunja, chindapusa, ndende ndi lupanga, pamene chikhulupiriro ndi kukhutira kwa mumtima. Makolo athu adaziona zomwezi pamene adati mtima wa mnzako ndi tsidya lina. Chachitatu, mafumu a padziko lapansi amasiyana zipembedzo, kotero kuti anthu akamatsata mfumu yawo, chipulumutso chikhala cha mwayi wa kumene munthu wabadwira.

Wansembe wina wa ku Oxford, Jonas Proast, adamyankha Locke mu 1690, ndipo yankho lake siliyenera kupeputsidwa. Adati inde chikwapu sichibala chikhulupiriro, koma chilango chochepa chingachititse munthu wouma mutu kukhala pansi ndi kumvetsera, monga mwana wokakamizidwa kupita kusukulu amadzathokoza atakula. Kunena zoona, mawu ameneŵa akugwedeza chifukwa chachiŵiri chija, pakuti mbiri imasonyeza kuti zidzukulu za anthu otembenuzidwa mokakamiza nthaŵi zina zimakhulupirira ndi mtima wonse. Koma chifukwa chachitatu sichigwedezeka. Ndani adzatsimikiza kuti chipembedzo cha wogwira chikwapuyo ndicho choona? Mfumu ya ku Paris, mfumu ya ku London ndi mfumu ya ku Constantinople, iliyonse inkati choona ndi chake. Mukapereka mphamvu imeneyi kwa mfumu yolondola, mwaipereka kwa onse, chifukwa palibe mfumu imadziyesa yosokera.

Kodi tsono munthu achite chilichonse m'dzina la chipembedzo? Iyayi. Locke adapereka muyeso wosavuta, ndipo adaufotokoza ndi chitsanzo cha mwana wa ng'ombe. Ngati lamulo lilola munthu kupha thole lake kunyumba kuti adye, silingamletse kulipha popereka nsembe. Koma ngati mliri watha ng'ombe m'dziko, ndipo boma laletsa aliyense kupha matole kuti ziŵeto zichulukenso, wopereka nsembeyo naye ayenera kuleka, pakuti choletsedwa si nsembe koma kupha thole. Chimodzimodzinso gulu limene lifuna kupereka nsembe ya mwana wa munthu silingabisale kuseri kwa chipembedzo, chifukwa kupha munthu nkoletsedwa paliponse.

Maganizo ameneŵa ndi nthambi ya mtengo waukulu umene Locke adaubzala m'buku lake lina, Two Treatises of Government, lotuluka m'chaka chomwecho cha 1689. M'menemo adati mphamvu za boma ndi chinthu chimene anthu adasungitsa, monga munthu asungitsa mbuzi kwa mnansi wake. Wosungayo akayamba kudya mbuzizo, mwini wake ali ndi ufulu wozitenga nkukasungitsa kwina. Adaseka maganizo akuti munthu woopa nkhandwe angapeze chitetezo podzipereka kwa mkango. Limeneli ndilo yankho lalikulu kwa Hobbes: wolamulira naye ndi munthu, ndipo ali ndi njala, mantha ndi kunyada komwe Hobbes adakuona mwa anthu ena onse.

Amene adatsekeredwa kunja

Komatu aphunzitsi asamuike Locke pa guwa. Ngakhale adalemba kuti Myuda, Msilamu ngakhale wopembedza mizimu asalandidwe ufulu wake m'dziko chifukwa cha chipembedzo, iye yemweyo adati anthu osakhulupirira Mulungu asaloledwe, poganiza kuti lumbiro lawo silingadalirike. Adakananso mpingo umene anthu ake amamvera wolamulira wa dziko lina, ndipo aŵerengi a nthaŵi yake adamva kuti akunena Akatolika ndi Papa wawo. Lamulo la kulolerana limene England idakhazikitsa mu 1689 lidamasula Apulotesitanti a mipingo ina, koma Akatolika adadikira mpaka 1829 kuti aloledwe kukhala m'Nyumba ya Malamulo.

Pali china chimene ife a mu Africa sitiyenera kuchidumpha. Locke adagula masheya m'kampani ya Royal African Company, imene inkagula anthu ku West Africa ndi kukawagulitsa ku America. Adathandizanso kulemba malamulo a dziko la Carolina mu 1669, amene adalola kapolo kuloŵa mpingo umene afuna, koma napatsa mbuye wake mphamvu zonse pa iye. Munthu amene adalemba mokoma za ufulu wa mzimu sadavutike ndi unyolo wa pathupi la munthu wakuda. Izi sizichititsa kuti mfundo zake zikhale zabodza, koma zikutichenjeza kuti ngakhale wanzeru amajambula malire a ufulu molekezera pamene iye ndi anzake aloŵa kale.

Amene adapita patsogolo ndi Pierre Bayle, mwana wa mbusa wa Chipulotesitanti wa ku France, amene adathaŵira ku Rotterdam mu 1681. Mbale wake, yemwenso adali mbusa, adafera m'ndende ku Bordeaux mu 1685. Chaka chotsatira Bayle adatulutsa buku lofotokoza fanizo la phwando la pa Luka 14, pamene mwini phwando adatuma wantchito wake kukaumiriza anthu kuti aloŵe, mawu amene ozunza anzawo ankadzitchinjiriza nawo kuyambira masiku a Augustine. Bayle adati ngati mpingo woona uli ndi ufulu wozunza, ndiye kuti mipingo yonse idzazunza, popeza uliwonse umadziyesa woona. Adatinso chikumbumtima cha munthu wosokera moona mtima chiyenera kulemekezedwa, ndipo adalimba mtima kunena kuti munthu wosakhulupirira Mulungu angathe kukhala nzika yokhulupirika. Mwachidule, adaphunzitsa Ulaya chimene ife timachidziŵa ndi mwambi: chaona mnzako chapita, maŵa chili kwa iwe.

Chimene tingatolepo

Wina angafunse kuti kodi mikangano ya azungu a zaka 300 zapitazo itikhudza bwanji. Itikhudza chifukwa mfundo zimene adakanganirana zidaloŵa m'malamulo amene tikukhalira. Malamulo oyendetsera dziko la Malaŵi a mu 1994, m'gawo 12, amanena kuti mphamvu zonse za boma zimachokera kwa anthu, ndipo ozigwiritsa ntchito angosungitsidwa. Gawo 33 limateteza ufulu wa chikumbumtima, chipembedzo ndi maganizo. Malamuloŵa sadalembedwe mwangozi. Mboni za Yehova, zimene zinkakana kugula makadi a chipani, zidaletsedwa m'dziko muno kuyambira mu 1967 kufikira mu 1993, ndipo zikwizikwi zidathaŵira ku Zambia ndi ku Mozambique. Funsoli lidafikanso pakhomo la sukulu: mu 2023 Khoti Lalikulu ku Zomba lidagamula kuti ana a Chirasta asaletsedwe kuphunzira m'sukulu za boma chifukwa cha tsitsi lawo.

Tsono inu aphunzitsi, ndi inu amene mwangotsiriza maphunziro, pamene mumva anthu akufuula kuti boma liletse gulu lakutilakuti la chipembedzo, dzifunseni mafunso aŵiri. Loyamba ndi la thole lija: kodi chimene anthuŵa akuchita chikadakhala mlandu chikadachitidwa ndi munthu wina aliyense kunja kwa pemphero? Ngati akuba, akumenya, akuletsa mwana wodwala kulandira chithandizo, boma ligwire ntchito yake mosaopa, ndipo pamenepo Hobbes ali nafe. Koma ngati mlandu wawo ndi wakuti sapemphera monga ife, lupanga libwerere m'chimake. Lachiŵiri ndi la Bayle: kodi mphamvu imene ndikupempha kuti boma likhale nayo lero, ndingakondwe itagwidwa maŵa ndi munthu amene amadana ndi mpingo wanga? Ngati yankho ndi iyayi, musaipemphe.

Boma lamphamvu nlofunika, ndipo amene amalinyoza sadziŵa chimene limawatchinjiriza. Koma mphamvu zake zilekeze pa zochita za munthu zimene zikhudza mnzake. Zikadutsa pamenepo nkuyamba kufufuza za mumtima, dziko silipeza umodzi umene likufuna, koma limadzaza ndende ndi anthu oona mtima ndi kudzaza mipando ndi achinyengo. M'chigawo chotsatira tidzaona za Baruch Spinoza wa ku Amsterdam, Myuda wosema magalasi, amene adachotsedwa m'sunagoge mu 1656, ndipo mu 1670 adalemba kuti ufulu woganiza ndi kunena chimene waganiza suwononga mtendere wa dziko koma umausunga.